Mbalame ya pa Denga la a Rufina

Chithunzi chinali chikuyenda m'manja mwa anthu pakhonde la a Ambrósio, malume ake a Venâncio, ndipo a Rufina pampando sankakhazikika.

A Rufina anali atajambulitsa mwana wawo Felismina pakhomo pawo kuti chithunzicho chitumizidwe ku Sozibele, kumene Venâncio, bwenzi lake, ankagwira ntchito. Mtsikanayo anatuluka bwino. Koma pa denga, kumbuyo kwake, panali kanthu kakuda kosaoneka bwino, ka mapiko otambasuka pang'ono.

"Kadzidzi uyu," anatero a Ambrósio. "Masanasana! Mphwanga akalowe chikamwini pakhomo potera kadzidzi?"

"Ndi kabawi, abambo," anayankha a Rufina. "Amavutitsa anapiye anga."

"Kabawi wa mutu ngati dzungu?"

"Mutuwo mwauona pati? Ine ndikungoona mwaye."

Anaitana aphunzitsi Nicolau a ku Fonte Boa, amene ankadutsa pa njinga. Iwo anavala mandala, natembenuza chithunzicho, nachiloza kudzuwa. Anati mchira ndi wa kabawi, mapewa ndi a kadzidzi, koma mwinanso wojambulayo anangonjenjemera dzanja. Anthu ophunzira amatero, amakusiyani pamene anakupezani. Zojambulanso panalibe, chifukwa wojambula wa ku Domwe filimu inamuthera, ndipo msewu wa ku Tete, kogula filimu ina, unali wa asilikali okhaokha.

Koma a Rufina mbalameyo ankaidziwa. Inkagona mu mkungudza wa kuseri kwa nkhokwe, ndipo chibwerere chake makoswe anasiya kuwadyera chimanga. Sanaithamangitse, sanauzenso munthu. Mkazi wamasiye akasunga chinthu chotero, mudzi uli nalo kale dzina lomutchula.

"Wakutsina khutu ndi mnansi, amayi," anatero a Ambrósio. "Lumbirani pano kuti ndi kabawi. Apo ayi, ndimulembera mnyamatayo ayang'ane kwina."

A Rufina kulumbira bodza ankaopa, kuphera mwana banja ankaopanso.

Felismina, amene anali pamphasa nthawi yonseyi, anadzuka, nagwada pamaso pa a Ambrósio, nalandira chithunzicho ndi manja awiri.

"Amayi asalumbire. Ndi kadzidzi, ndipo ndi amene watisungira chimanga chaka chino."

Aphunzitsi anayamba kuyang'ana tcheni cha njinga yawo.

"Ndiye ukuti titani, mwanawe?" anafunsa a Ambrósio.

"Tumizani chomwechi, malume, osadula, osalembapo kanthu. Ine ndinabwereka diresi, ndinaima padzuwa mpaka misozi. A Venâncio akachilandira n'kuyamba kuyang'ana pa denga, akhale konko ku Sozibele."

A Ambrósio anatenga chithunzicho, nachiyang'ananso nthawi yaitali, kenaka anachilowetsa mu envulopu, nanyambita m'mphepete.