Maliro a Francis Opanda Mtembo

Nikodemo anaphunzira kutsuka ndi kumanga zilonda pachipatala cha mishoni, koma pofika chaka cha 1919 anali atatchuka ndi ntchito ina imene palibe anamutuma: kukhala pansi ndi anthu ozungulira mutu n'kumawamvetsera. Mankhwala ake anali makutu basi. Akulu a mpingo ankati umenewo ndi ulesi, ndipo iye sankataya malovu kuwayankha.

M'mawa wina kunabwera mayi wina dzina lake Theresa, wochokera m'mudzi wa kufupi ndi Mkaika, mapazi ali mbuu.

"Alongo anga a Ackson awamanga m'goli," anatero. "Loweruka akubwera mesenjala wa kuboma kudzawatenga. Akangopita kundende ya kuboma, sitidzawaonanso."

Nikodemo ankadziwa kuti mayiyo sakunama. Masiku amenewo wamisala ankamutsekera pamodzi ndi akuba, ndipo obwerako anali owerengeka.

Ackson anali atabwera kuchokera ku nkhondo ya Ajeremani, kumene anagwira ntchito ya tengatenga, kusenza katundu wa asilikali. Chibwerereni sanalankhule ndi munthu. Ntchito yake inali kukumba maenje ndi manja pamakomo a anthu, maenje aatali ngati munthu wogona. Ndani angakondwe kudzuka n'kupeza manda pakhomo pake? Anthu anati ndi malodza, ndipo a Davison, mkulu wa mpingo amene ankadziwa kugwira pensulo kuposa kugwira mtima, analembera kalata kuboma.

Atafika, Nikodemo anamasula goli lija osapempha munthu. Anakhala pambali pa Ackson masiku awiri, osamufunsa kanthu. Tsiku lachitatu, Ackson atayamba kufukula dothi kuseri kwa nkhokwe, Nikodemo anabwereka khasu nayamba kumuthandiza. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ati misala yapatsirana.

Dzenje litafika m'mawondo, Nikodemo anafunsa chapansipansi: "Kodi tikukumbira yani?"

"Francis," anayankha Ackson, mawu ali osasa.

Francis anali mng'ono wake. Anapita limodzi kunkhondoko, ndipo anadwala kamwazi panjira. Ackson anamubereka masiku awiri pamodzi ndi katundu. Atamwalira, kapitawo anakana kuti aime. Chikoti chinalira, ulendo unapitirira, ndipo Francis anatsala pansi pa mtengo, pamtunda, wopanda ngakhale dothi lodzaza dzanja. Kumudzi anangomva uthenga, napemphera, nkhani n'kuthera pomwepo. Popanda mtembo, maliro sanachitike.

Nikodemo anapsa mtima, ndipo sanabise. Anaitana Theresa. "Dulani thunthu la nthochi, mulikulunge mumphasa monga ankachitira makolo mtembo ukasowa. Loweruka tikaika Francis."

A Davison anabwera akuthamanga. "Zachikunja zimenezo! Mukazichita, mwatuluka mumpingo, ndipo kuchipatala ndikanena ndine."

"Kaneneni, a Davison, njira mukuidziwa," anatero Nikodemo. "Munthu akufuna kuika m'bale wake, inu mwamumanga ngati mbuzi yakuba chimanga. Akulu anati wamisala anaona nkhondo. Inu munamufunsapo ngakhale kamodzi?"

A Davison anachoka akupukusa mutu, ndipo tsiku lomwelo uthenga unabwera kuti Nikodemo asapondenso kuchipatala. Zinamupweteka, pakuti ntchitoyo ankaikonda, koma sanasinthe maganizo.

Loweruka anthu anabwera ochepa poyamba, ena kudzangoonerera. Koma amayi atayamba kulira, anthu anachuluka. Mudzi umenewo unali utataya amuna asanu ku tengatenga, ndipo palibe mmodzi amene anaikidwa. Aliyense anayamba kutchula dzina la wake. Ackson anatsikira yekha m'manda, nalandira mphasa ija, naigoneka bwinobwino. Kenaka analira mokweza, kulira kwa munthu wamoyo, akuitana mng'ono wake ndi kumupepesa.

Ndi nthawi imeneyo pamene mesenjala anafika, wamtali, wa chisoti chofiira, unyolo uli m'manja. A Davison anali pambuyo pake.

"Wamisala uja ndi uti?" anafunsa mesenjala.

Nikodemo anaima pakati pa iye ndi manda. "Onse mukuwaonawa akulira chinthu chimodzi, bambo. Sankhani nokha. Koma amene mumutenge, muyambe mwandimanga ine."

Mesenjala anayang'ana m'dzenjemo. "Mukuika yani?"

"Francis, wa tengatenga. Anatsala panjira osaikidwa. Mumphasamo muli thunthu la nthochi."

A Davison analoza Ackson ndi chala, koma mesenjalayo sanatembenuke n'komwe. Anaika unyolo pansi, navula chisoti.

"Ndibwerekeni khasu," anatero. "Inenso wanga ndinamusiya komweko."