Mbale Yoyera ya a Simioni

Doris ankakwecha mbale ija ndi phulusa pang'onopang'ono, maganizo ali kutali. Sinali mbale yodyera. Inali yachitsulo, yopakidwa penti woyera, yomangidwa ku chingwe chachitali chamfundomfundo. Bambo ake, a Simioni, ankagwira ntchito ku nthambi ya zausodzi, ndipo Lolemba lililonse ankapalasa bwato kuchokera padoko la Lungwena kukaitsitsa m'nyanja. Mbaleyo ikasiya kuoneka, ankawerenga mfundo zimene zalowa m'madzi. Mfundo zikachuluka, ndiye kuti madzi ndi oyera.

Doris ali mwana, chingwe chinkatsala pang'ono kutha mbale ikung'animabe pansi. Kenako mitengo inatha m'mapiri a kum'mawa, mitsinje inayamba kutsika ndi matope, mfundo n'kumachepa chaka ndi chaka. Koma chaka chimenechi zinachepa moopsa, mpaka a Simioni chakudya chinasiya kulowa. Ankati nyanja ikufa, ndipo mawa lake akwera basi ya ku Mangochi kukanena zimenezi pamsonkhano, pamaso pa akuluakulu a chipani. Akazi awo anawachonderera kuti masiku ano munthu wonena kuti chinthu chikuwonongeka m'dziko muno amatengedwa osabwerera. Iwo anangoyankha kuti mbale sinama.

Doris, yemwe anali atangomaliza Fomu 4, sanali wolankhulalankhula, koma maso ake sankaphonya kanthu. Anali atawaona bambo ake akupapasa mlomo wa kapu asanathire tiyi. Anawaonanso m'tchalitchi akuyimba pamtima, buku lili lotsegula patsamba la nyimbo ina.

Atapukuta mbaleyo, Doris anapempha kuti awaperekeze bambo ake panyanja. Dzuwa linali litakwera, nyanja ili bata. A Simioni anatembenuza bwato kuti mthunzi ugwere pamadzi, n'kuyamba kutsitsa chingwe. Mfundo zinkadutsa m'zala zawo.

"Yasowa," anatero. "Mwaona, mayi? Lero ndiye zanyanya."

Doris anasuzumira. Mbale inali pomwepo, yotuwirako koma yoonekeratu, tinsomba tikuizungulira. Akanena, mwina ntchito ya bambo ake ithera pomwepo. Akapanda kunena, mawa bambo akewo akaimirira pamsonkhano paja.

"Tsitsanibe, ababa."

A Simioni anamutembenukira, maso awo ali mbuu ngati madzi a dzinja. Anatsitsa mfundo ina, inanso, inanso, mpaka Doris anawagwira dzanja.

"Apa ndiye yasowa," anatero Doris.

Bwato linkayendayenda lokha, a Simioni akupapasa chingwe. Chala chawo chinkabwerera pa mfundo imene anaimira poyamba paja.

"Nyanja yada ndithu, ababa," anatero Doris, mawu ake ali pansipansi. "Koma siikufa ayi. Kwinako ndi maso anu. Basi ya mawa tikwere tonse, koma tikatsikire kuchipatala. Mbaleyi ndizikuyang'anirani ine."