Imwani Khofi Wanu

Suhad sanaiwale tsiku limene bwana wake Ghassan anamuseka pamaso pa anthu, ndipo sankafuna n'komwe kuliiwala. Ena chipongwe amachisiya m'manja mwa Mulungu. Iye anachisunga yekha chaka chathunthu, n'kumachisuzumira m'mawa uliwonse kuona ngati chikadalipo.

Kampani imene ankagwirako ntchito inali ndi maofesi ku Amman, likulu la dziko lawo, koma chuma chake chenicheni chinali kunja kwa mzinda wa Zarqa, m'chinyumba chopanda mawindo chodzaza makompyuta osunga zinthu za mabanki ndi masitolo. Makina amenewa sagona, ndipo amatentha ngati uvuni wa buledi. Kuti azizire ankamwa madzi a pachitsime chakuya chimene kampaniyo inakumba m'kati mwa mpanda. Kuseri kwa mpandawo kunali dera limene Suhad anakulira, kumene madzi a m'mipopi kale ankabwera kamodzi pa sabata, koma tsopano ena ankawadikira mpaka mathanki a padenga kuuma gwa.

Chaka chilichonse kampani inkakhala pansi kusankha nkhani zosamalira chilengedwe ndi anthu zimene iziika patsogolo. Nkhani iliyonse ankailemba pakhadi: magetsi, zinsinsi za makasitomala, makompyuta otha ntchito, mitengo, madzi. Kenako ankaitana antchito, makasitomala, eni masheya ndi anthu oyandikana nawo, aliyense n'kupatsidwa timadontho tomata kuti amate pakhadi limene akuliona lofunika. Makhadi ankakwera pakhoma malinga ndi timadontho take. Atatu a pamwamba ankalandira ndalama ndi maso a mabwana. A pansiwo ankangolandira chithunzi m'lipoti, basi.

Chaka chathacho ntchitoyi ankaiyendetsa Suhad, amene anali injiniya wa kampaniyo, ndipo khadi la madzi linakwera mpaka pamwamba penipeni. Ghassan, wachiwiri kwa mwini kampani, anali atayamba kale kulota zomanga chinyumba chachiwiri cha makina pachitsime chomwecho. Anaimirira, anakonza taye, n'kulengeza kuti dontho la mwini masheya silingafanane kulemera ndi dontho la munthu wongokhala kuseri kwa mpanda. Suhad atatsutsa, Ghassan anatembenukira anthu akumwetulira.

"Musamudabwe mlongo wathuyu," anatero. "Bambo ake ankayendetsa lole ya madzi. Kwawo ngakhale mwana akadwala mano amati vuto ndi madzi."

Anthu anaseka, chifukwa bwana akaseka antchito sakhala ndi chifukwa china chofunira. Ghassan anamatula khadi la madzi n'kulitsitsa mpaka m'mawondo, pamalo pake n'kukwezapo la mitengo. Mwezi usanathe, mpando wa Suhad unapatsidwa kwa mlamu wake wa Ghassan, ndipo Suhadyo anamutumiza ku ntchito yolandira alendo: kuyala mipando, kuitana anthu, kuona za khofi. Mpandowo sunamupweteke kwambiri. Chinamulasa mtima n'chakuti bambo akewo anali atangowaika m'manda, ndipo munthu amene sanasenzepo chigubu chiyambire anawasandutsa nthabwala. Suhad ankafuna chinthu chimodzi chokha: Ghassan agwe pamaso pa anthu, m'chipinda chomwecho, pakhoma lomwelo.

Chaka chino Ghassan anachenjera. Msonkhano wa oyandikana nawo anauika pa tsiku limene madzi amabwera m'deralo. Aliyense wa ku Zarqa amadziwa kuti tsiku limenelo mkazi satuluka pakhomo ngakhale kukhale ukwati, amachapa, amakolopa, amadzaza chilichonse chokhala ndi kamwa. Popanda amayiwo, khadi la madzi akanalikweza ndani? Suhad anamva tsikulo, anangoti, "Chabwino, bwana," n'kukatumiza makalata oitanira anthu. Madzulo ake anakwera basi kupita kwa Abu Talal, wometa wa m'dera lakwawo, amene anameta bambo ake kuyambira ali mnyamata.

Anamupeza akutsuka mutu wa kasitomala ndi madzi a m'botolo.

"Taona mwana wanga, ndafika potsuka anthu ngati ndikuwathira mankhwala m'maso," anatero Abu Talal. "Mabwana ako ali bwanji? Makina awo akusamba bwino?"

"Akusamba, amalume. Ndabwera za msonkhano uja."

"Wa timadontho? Chaka chatha ndinamata atatu onse pa madzi. Anandipatsa kapu yolembedwa dzina la kampani. Ndimweremo chiyani?"

"Timadontho tisiyeni. Ulendo uno mubwere amuna akuluakulu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mutavala za ulemu, mipango kumutu. Khofi akabwera, mulandire, muike patebulo. Musamwe."

Abu Talal anasiya kupukuta mutu uja. Kwawoko mlendo akalandira khofi n'kumuika pansi osamwa, ndiye kuti wabwera ndi pempho lalikulu, ndipo samwa mpaka mwini nyumba atavomera. Khofi kuzizira pamaso pa mlendo ndi manyazi amene banja limayenda nawo zaka.

"Iwe mwana, umenewo si mwambo wa m'maofesi," anatero. "Umenewo ndi wokapempha mkazi kapena wothetsa mlandu wa magazi."

"Haji Mifleh adzakhalapo."

Haji Mifleh ndiye anali mwini kampani, mkulu amene anakulira m'hema kum'mawa asanalemere, ndipo mpaka lero foni ankaigwira ngati chinthu choti chimuluma. Abu Talal anaganiza pang'ono, kenako anaseka mpaka kasitomala anadandaula kuti sopo wamulowa m'maso.

"Bambo ako anali munthu wofatsa," anatero. "Nkhanzazi unazitenga kwa mayi ako."

Kunatsala kutchera mbali inayo, ndipo Suhad ankadziwa pofewa pa Ghassan. Munthuyu anaphunzira kunja, ndipo Haji ankakonda kumunena kuti mutu uli nawo koma anthu sawadziwa. Mawu amenewa ankamusowetsa tulo. Choncho Suhad analowa muofesi yake atanyamula mapepala, nkhope ili yofatsa ngati ya munthu amene anagonja kalekale.

"Bwana, popeza kubwera alendo a masheya ochokera kunja, ndimati bwanji tisiye khofi wa m'makina, tiike wathu wowawa, wa m'ketulo ya mkuwa? Wojambula angapeze zithunzi zabwino."

"Eya, tsopano ukuganiza," anatero Ghassan. "Ukuona? Ntchito iyi ndiye yako. Nanga akuseri kwa mpandawo akubwera angati?"

"Madala ochepa chabe. Mwina abwera ndi kapempho. Ndamva akudandaula kuti timu ya mpira ya anyamata ilibe majezi."

Sananame. Anamvadi zimenezo, monga mmene munthu amamvera zinthu zambiri pamalo ometera. Ghassan anagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

"Majezi? Tiwapatsa ndi nsapato zomwe."

Tsiku la msonkhano makhadi anali kale pakhoma. Magetsi pamwamba, zinsinsi za makasitomala, mitengo, ndipo madzi pansi pomwe paja. Haji Mifleh anakhala kutsogolo ndi alendo awiri a masheya, womasulira ali pambali pawo. Abu Talal analowa ndi anzake asanu, mikanjo yosita, mipango yofiira kumutu, akuyenda pang'onopang'ono ngati dera lonse ndi lawo. Suhad anawakhazika moyang'anana ndi Haji, pamene wojambula sakanawaphonya. Kenako anakodola wothira khofi.

Wothirayo anayenda ndi ketulo kumanzere, timakapu kumanja. Haji anamwa. Alendo akunja anamwa, nkhope zikukwinyika ndi kuwawa. Abu Talal analandira kakapu kake, anakayang'ana, n'kukaika patebulo. Anzake asanu anachita chimodzimodzi, mmodzi pambuyo pa mnzake.

Haji anawongoka pampando. Mwini nyumba wanzeru amayamba wafunsa kuti alendo abwerera chiyani, ndipo Haji anali atatsegula kale pakamwa kuti afunse. Koma Ghassan anaona kamera, anaona alendo akunja akufunsa womasulira, anaona mwayi umene anaudikira zaka. Anaimirira msangamsanga, anaika dzanja pachifuwa, n'kukweza mawu kuti aliyense amve.

"Akuluakulu, nyumba ino ndi yanu. Imwani khofi wanu. Chimene mwabwerera mwapatsidwa."

Suhad anayang'ana pansi kuti chimwemwe chake chisaoneke. Abu Talal sanachedwe. Anamwa khofi uja kamodzi n'kamodzi, anagwedeza kakapu kusonyeza kuti wakhuta, ndipo anzake nawo anamwa. Kenako anapukuta ndevu mosafulumira.

"Mulungu akuonjezereni ulemu, bwana," anatero. "Tabwera kudzapempha kuti chitsime chanu chizitsekedwa miyezi yotentha, chaka chino ndi zaka zonse, ndiponso kuti chinyumba chachiwiri chija chisamangidwe pamadzi athu. Tathokoza kuti mwavomera tisananene n'komwe. Anthu otere atsala ochepa."

Ghassan anayesa kuseka.

"Amalume, tisasokoneze zinthu. Ine ndimanena za anyamata a mpira."

"Mpira?" anatero Abu Talal, akuyang'ana anzake. "Alipo wabwera ndi mpira pano?"

"Pali ndondomeko yake, abale," anatero Ghassan. "Pali timadontho, pali kulemera kwa mavoti, sitingangoti..."

"Ghassan." Haji Mifleh sanakweze mawu. "Alendowa amwa?"

"Haji, ndiloleni ndifotokoze."

"Ndafunsa ngati amwa."

"Amwa."

"M'nyumba ya ndani?"

Ghassan anaweramitsa mutu. Womasulira anali atasiya kumasulira, koma alendo akunjawo sankafunanso thandizo lake. Haji anatembenuka pang'onopang'ono, akufufuza m'chipindamo, mpaka maso ake anapeza Suhad ataima pafupi ndi chitseko.

"Mwana wanga, iwe si uja unali injiniya wathu?"

"Ndine, Haji."

"Mawu atuluka pakamwa pa uyu, koma nyumba ndi yanga, ndiye sindingawameze. Koma ndikufuna ndidziwe ngati ndikulipira mlandu weniweni kapena kupusa kwa munthu basi. Ndiuze. N'zoona kuti chitsime chathu chikuwaumitsira anthuwa mipopi?"

Ghassan anamuyang'ana Suhad, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chonsecho anamuyang'ana ngati munthu. Maso ake ankapempha. Ankadziwa zimene Suhad ankadziwa, poti onse awiri anawerengapo zoyeza zomwezo. Mvula inali itachepa zaka zotsatizana. Mapaipi a mumzinda anali okalamba, ndipo madzi ambiri ankathera m'nthaka asanafike pakhomo la munthu. Minda ya kumtunda inali ndi zitsime zake zozama kuposa cha kampani. Chitsime cha kampani chinali ndi mbali yake pamlanduwo, inde, koma sichinali chokha, ndipo mwina sichinali n'chachikulu chomwe. Injiniya wachilungamo akananena zonsezi, Haji akanasunga mawu ake kwa alendo koma Ghassan akanatsala ndi pobisala. Suhad anaziona zonsezo zitandandalika m'mutu mwake, chimodzichimodzi, ndipo anazisiya momwemo.

"N'zoona, Haji," anatero.

"Palibe china?"

"Palibe."

Haji anagwedeza mutu. Analoza khoma ndi ndodo yake.

"Ghassan, kweza khadi ilo. Ndi dzanja lako. Za chinyumba chachiwiri uiwale, ndipo mawa usapite ku ofesi, ubwere kunyumba kwanga tikakambirane za iweyo."

Kuchokera pamene Ghassan anaima kufika pakhomalo sipanali patali, koma anayenda ngati wasenza thumba la simenti. Anawerama pamaso pa antchito ake, pamaso pa mlamu wake, pamaso pa kamera imene anaifuna yekha, n'kuyamba kumatula khadi la madzi. Linali litamatirira chaka chonse, ndipo linakana. Anakanda ndi zikhadabo, khadi likung'ambika m'mphepete, khosi lake litafiira. Palibe anaseka. Suhad anadabwa kuti zimenezo zinamukomera kuposa kuseka.

Anthu akutuluka, Abu Talal anaima pafupi naye, nkhope ikuwala ngati ya mkwati.

"Ndiye chilimwe chino tisamba, eti mwana wanga? Ndikauze amayi kunyumba?"

Suhad anayang'ana mkuluyo, munthu amene anamukhulupirira mpaka kuvala mkanjo wake wa pa chikondwerero cha Idi. Ankadziwa kuti chitsime chikatsekedwa, mpopi wa Abu Talal ukhoza kuwonjezera pang'ono chabe, mwinanso osasintha n'komwe. Manyazi anamugwira, koma sanali aakulu kuposa kukoma kumene kunali mumtima mwake, ndipo zimenezi anazidziwanso.

"Kawauzeni kuti Ghassan wagwa, amalume," anatero. "Za madzi musawalonjeze."