Fumbi la Msewu wa Mabanki

Kalata inabwera Lolemba m'mawa, yaifupi, ya anthu osafuna zokambirana. Bungwe loyang'anira mitsinje linalemba kuti madzi a mvula otuluka m'ngalande za mzinda wathu akuthira mumtsinje matope ndi mafuta ochuluka katatu kuposa mlingo wololedwa. Linatipatsa miyezi itatu kuti tibweretse pulani yosonyeza kumene uvewo ukuchokera ndi mmene tidzauchepetsere. Abwana ataiwerenga anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Inu ndinu injiniya wa ngalande, izi ndi zanu," anatero. "Koma musadzivute. Ndi anthu a kumsika amenewa, aliyense akudziwa."

Ku khonsolo kwathu, munthu akati "aliyense akudziwa" ndiye kuti palibe amene anapitako kukaona. Abwanawo ankafuna kuyambira kalekale kusamutsa ogulitsa malonda m'mbali mwa msika, ndipo kalatayi inawasangalatsa kuposa mmene anaonetsera.

Ndinatenga mapu a ngalande n'kupita kwa a Botolo. Dzinali tinawapatsa chifukwa ntchito yawo inali yotunga madzi oti tikayeze, ndipo kulikonse ankayenda ndi chikwama chodzaza mabotolo. Anakalambira m'ngalande momwemo. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti madzi oyamba a mvula ndi okhawo amene amanena zoona.

"Mukachedwa theka la ola, msewu umakhala utasamba kale," anatero. "Mumatunga madzi aulemu, ovala tayi."

Choncho kwa milungu itatu tinkakhala maso ali kumwamba. Mitambo ikangoda, tinkathamangira m'galimoto n'kumakatsegula zivundikiro za ngalande chimodzichimodzi, kuyambira kumtsinje mpaka m'kati mwa mzinda. Tinkanyowa mpaka m'nsapato. Zotsatira zitabwera ndinaziyala pa mapu. Kumsika kunali uve ndithu, koma ngalande yake ndi yaing'ono. Nambala zinalumpha pamalo ena: pansi pa msewu wa mabanki, msewu woyera kuposa yonse, umene timadutsitsamo alendo a khonsolo kuti aone kuti ndife anthu aukhondo.

Ndinanena kuti mwina tasokoneza mabotolo. A Botolo anandiyang'ana ngati ndawatukwana, ndipo tsiku lotsatira ananditengera kumsewuko atanyamula chitsulo chokanulira. M'mbali mwa msewuwo muli timabowo totchinga ndi zitsulo za mipata, molowera madzi a mvula. Tinakanula koyamba. M'kati munali fumbi losalala, masamba ouma ndi timapepala, zonse zothinana mpaka pakamwa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi.

"Iyi si ntchito ya mphepo," a Botolo anatero motsitsa mawu. "Ndi ya tsache."

Anabwezera chitsulo pang'onopang'ono osandiyang'ana. Ankadziwa, monga khonsolo yonse inkadziwira, kuti amene amasesa msewu wa mabanki ndi amayi anga. Tili m'galimoto a Botolo anatsokomola, n'kunena akuyang'ana pawindo kuti, "Mabotolotu amasweka nthawi zina." Ndinawathokoza, ndipo ndinawauza kuti asaswe kanthu.

Amayi anali atasesa msewu umenewo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Inali itatsala miyezi isanu kuti apume pa ntchito, ndipo m'fayilo yawo munalibe kalata ya chenjezo ngakhale imodzi. Zimenezi ankazinena paliponse pamene achibale asonkhana, kaya wina wafunsa kaya ayi. Abwana anga nawo ankakonda lipoti lokhala ndi dzina la wolakwa, chifukwa kuchotsa munthu n'kosavuta kusiyana ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito. Ndikanalemba za msewuwo, amayi akanachoka pa ntchito mwamanyazi. Ndikanalemba za msika, anthu osalakwa akanathamangitsidwa, mtsinje n'kukhalabe wakuda. Ndinachita mantha, ndipo ndivomere kuti kwa masiku awiri ndinkayang'ana nambala za kumsika ndi diso lofuna kuti zikule.

Lachinayi ndinalawirira kukaima kuseri kwa mtengo ngati wakuba, kuonerera amayi anga akugwira ntchito. Ndinali ndisanawaonepo akusesa msewu. Ndili mwana ndinkazemba njira imeneyo kuopa kuti anzanga a kusukulu angandiseke, ndipo nditakula ndinkangoti ndatanganidwa. Ankasesa mwaluso, osadzutsa fumbi, osabwereza pamene adutsa kale. Akafika pa kabowo ankapinda dzanja pang'ono, tsache n'kutembenuka, kamulu konse n'kulowa pansi osatsala kanthu. Nthawi ya seveni kapitawo anadutsa pa njinga, anayang'ana uku ndi uku, n'kupitirira ali wokhutira. Galimoto yotenga zinyalala ndinaidikira mpaka teni koloko, sinabwere.

Nditaweruka ndinapita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akuchapa yunifolomu m'beseni.

"Wabwera ndi nkhope ya kuofesi," anatero. "Khala pansi, usandiimirire pamutu."

Ndinakhala pa sitepe.

"Amayi, fumbi limene mumasesa lija mumalipititsa kuti?"

"M'ngalande. Umafuna ndizilidya?"

"Bwanji osaunjika kuti galimoto idzatenge?"

Anaseka, manja ali m'thovu. "Iwe, sukulu yonse ija koma zinthu zapafupi sukuzidziwa. Kapitawo amadutsa seveni, ndipo lamulo lake ndi loti asaone mulu. Akauona, walephera ntchito. Galimoto imabwera masana, ikafuna. Ndiye kuyambira seveni mpaka masana muluwo ndiziusunga m'thumba mwanga? Amene anandilandira pa ntchito ndi amene anandionetsa kapindidwe ka dzanja kameneka, ndipo ine ndaphunzitsa anzanga onse a m'misewu ya pakatiyi. Mvula ikabwera imatsuka, basi."

"Imatsukira mumtsinje, amayi."

Ndinawafotokozera za kalata, za mabotolo, za nambala, za anthu a kumsika amene abwana ankafuna kuwasamutsa, ndi za dzina limene abwana adzafune kumva. Ndinalankhula mothamanga, ndi mawu akuluakulu a kuofesi, chifukwa mawu a tsiku ndi tsiku ankandiwawa kuwatulutsa. Amayi anasiya kuchapa.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuipitsa mzinda."

"Sindinatero."

"Watero ndi mabotolo ako." Anafinya malaya mpaka madzi anasiya kudontha. "Tsache lomwelo ndi limene linakufikitsa pa mpando umene ukundiweruzirapowo."

Ndinangoti ndikhoza kulemba mozungulira, osatchula msewu kapena munthu. Anakayanika malayawo pa chingwe. Nditaimirira kuti ndizipita, anati, "Loweruka unditengere kumene madziwo amatulukira. Ndisamangomva za m'mabotolo."

Ngalande yaikulu imatulukira pansi pa mlatho, kuseri kwa malo ogulitsira matayala akale. Titafika Loweruka, pakamwa pake panali pataunjikana matope akuda, otambalala moti ana akanatha kuseweramo mpira, madzi akudutsa m'mbali monyinyirika. Amayi anatsetsereka okha, dzanja langa analikana. Anatola kamtengo n'kuyamba kufukula. M'matopemo munatuluka timapepala ta nambala timene anthu amatenga podikira pa mzere kubanki, tambirimbiri, tina tisanafufutike n'komwe. Anatola kamodzi n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Aka ndi ka banki ya pakona," anatero. "Amataya pakhomo pomwe, anthu ovala bwino."

Chakumunsi pang'ono mzimayi wina ankatunga madzi omwewo m'ndowa n'kumathirira ndiwo zamasamba m'kadimba kake. Amayi anamuyang'ana mpaka anatunga kachitatu, kenako anapukuta zala zawo n'kuyamba kukwera. Pobwerera m'basi ndinkadzida chifukwa chowabweretsa.

Sabata yotsatira ndinakhala pansi kulemba pulani. Ndinaikamo zoti galimoto izitenga milu kapitawo asanadutse, kuti osesa apatsidwe mawilibala ndi migolo pa ngodya iliyonse, kuti timabowo tiziyeretsedwa mvula isanayambe, ndiponso kuti tikumbe dziwe loti madzi aziyamba adikha, matope n'kutsalira, asanafike mumtsinje. Zonsezo zinayenda bwino. Koma pa tsamba lonena za gwero la uve ndinayamba kuvina pamodzimodzi. Ndinalemba ndi kufufuta mpaka ndinatsala ndi chiganizo chopanda msewu, chopanda tsache, chopanda munthu. Ndinkadziwa bwino kuti chiganizo chotero abwana adzachiwerenga mmene akufunira.

Lachitatu masana mlonda wa pageti anaimba kuti ndili ndi mlendo. Anali amayi, ali mu yunifolomu, envelopu ili m'manja. Kanali koyamba kulowa mu ofesi yanga. Ndinawakokera mpando, anaukana.

"Magalasi ndaiwala. Undiwerengere."

Inali kalata ya chenjezo. Inkati kwa masiku atatu otsatizana kapitawo anapeza milu isanu ya zinyalala mu msewu wa mabanki nthawi ya seveni, kuti wosesa anakana kuichotsa atauzidwa, ndiponso kuti akuluakulu a mabanki adandaula.

"Amayi, mwachitiranji zimenezi? Kwatsala pang'ono kuti mupume."

"Ndinaunjika bwinobwino n'kuima pambali kudikira galimoto. Lolemba inafika leveni. Lachiwiri sinabwere. Lero kapitawo wandikalipira pamaso pa anthu, mwana woti ndikanamubereka ine." Anayang'ana mapu a pakhoma. "Zandiwawa. Usaganize kuti sizinandiwawe."

"Ndikalankhula naye, aichotse m'fayilo."

"Usayerekeze. Uiike m'pulani yakoyo, pamodzi ndi nambala zako. Abwana akowo aone okha chimene chimam'chitikira munthu akakana kusesera m'ngalande. Akawerenga izi, za msika azinena bwanji?"

"Dzina lanu lili pamenepa, amayi. Khonsolo yonse iliwerenga."

"Nanga pakhale la ndani? Ndinasesa ndine."

Anati akuchedwa, pali mulu umene ausiya wopanda woyang'anira ndipo mphepo ingaumwaze. Ndinawaperekeza mpaka pageti, misozi ndikuibisa poyang'ana pansi. Nditabwerera ndinafufuta chiganizo changa n'kulemba dzina la msewu, ndipo kalata ya amayi ndinaimata pa tsamba lotsatira, osaphimba liwu ngakhale limodzi.