Ndolo ya M'chitini cha Tiyi

"Si ameneyu," amayi anatero, n'kukankhira kapu pakati pa tebulo ndi chala chimodzi.

Chitsiriza anati ayankhe, koma anangoyetsemula. Chimfine chinamugwira tsiku la maliro a bambo ake, ndipo chinakhazikika m'mphuno ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Fungo sankalimva, kukoma sankakumva. Tiyi yense amene anafulula chimwalirire bambo ankangomumva ngati madzi otentha.

"Ndinanena ine," anatero achimwene ake, nawonso akufwenthera m'kansalu. "Amayi sakudya, sakumwa. Loweruka ndikupita nawo kwathu. Iwe Chitsiriza ungasamale munthu? Madzi enieniwa umapsereza."

"Ndinapsereza kamodzi kokha, achimwene."

"Kamodziko tinagula ketulo ina."

Amayi anakokera juzi pakhosi n'kuyang'ana pawindo, pomwe kamphepo kankathothola masamba a mtengo wa pabwalo. "Chisanu chalowa," anatero motsitsa. "Ndikamwa tiyi wachisanu wa bambo anu m'nyumba muno, nditsala ndi mwanayu. Akasowa wondifululira, galimotoyo ndikwera." Anadzuka n'kukalowa kuchipinda.

Loweruka linali mawa lake.

Chitsiriza anaima kukhitchini akuyang'ana shelefu ya bambo. Zitini zinandandalika kuchokera kukhoma kukafika kukhoma, zonse zofanana, zonse zobiriwira, popanda n'chimodzi chomwe cholembedwa dzina. Bambo anali wokonza mawotchi, koma mtima wawo unali pashelefu imeneyi. Ankaumitsa okha makoko a malalanje ndi a mandimu, jinja, minti, sinamoni ndi timasamba tina tosadziwika, n'kusinja zonse bwinobwino, n'kusakaniza ndi masamba a tiyi mpaka diso osasiyanitsanso. Kukatentha ankafulula wa minti ndi mandimu, n'kumusiya azizire. Mvula ikagwa ankafulula wopanda kanthu, ati mvula imabwera ndi fungo lake, sifuna woithandiza. Chisanu chikalowa ankatulutsa uja wotenthetsa mpaka kuzala za kumapazi, amene amayi ankamudikira chaka chonse.

Ndipo anali ndi kachizolowezi koseketsa. Asanatsegule chitini ankachiika pakhutu n'kuchigwedeza, maso ali tsinzini, ngati akumvetsera wotchi yodwala.

"Bambo, tiyi amanunkhiza!" ana ankawaseka.

"Inu zinunkhizani," iwo ankatero. "Ine tiyi ndimamumva."

Akathira m'makapu ankakhala pansi, manja pachibwano, n'kufunsa, "Mwamva chiyani?" Ana ankangoti wakoma, n'kuthamangira kunja. Amayi okha ndiwo ankayankha motalika, ngati akupereka umboni kukhoti.

"Tatsitsani zitinizo, alamu," anatero mkazi wa achimwene, akulowa ndi thireyi. "Kupatula ya amayi, m'nyumba muno mphuno yamoyo yatsala yanga yokha. Tikhuthula chimodzichimodzi."

"Tiyi wachisanuyo mumamudziwa?"

"Ine ndimamwa wamkaka, woti supuni iime chilili ndi shuga. Koma ndiyesa." Ananunkhiza chitini choyamba n'kukwinya nkhope. "Mankhwala a chifuwa." Chachiwiri. "Sopo." Chachitatu anachikhuthulira pathireyi, ndipo kanthu kena kanagwa, kuti ngwee, n'kugubuduka mpaka m'mphepete.

Inali ndolo. Yaing'ono, yasiliva, yokhala ndi kabelu kolendewera.

Mlamu anatseka chitseko ndi phazi. "Alamu," ananong'ona, maso ali tong'o. "Amayi savala ndolo. Makutu awo ndinawayang'anitsitsa tsiku loyamba lomwe."

Zinali zoona. Chibadwire, Chitsiriza sanaonepo amayi ake atavala ndolo. Anamuona kale m'maganizo mkazi mwini ndoloyo: wamtali, wa ambulera yofiira, akulowa m'kashopu ka bambo ndi wotchi yomwe sinawonongeke n'komwe, akunamizira kuti imachedwa. Bambo ake enieni aja, a jekete lotuwa, a magalasi omanga ndi ulusi!

"Mukunong'onezana chiyani?" Achimwene anasuzumira, anaona ndoloyo, n'kulowa msangamsanga. "Ayi, ayi, ayi. Bweretsa kuno. Amayi asaone. Munthu tamuika kumene, ndiye tiyambe kumuvula?"

"Dikirani," anatero Chitsiriza, atafumbata ndoloyo. Anatenga chitini china n'kukhuthula. Munagwa batani lakuda.

"Ameneyo ndiye anali telala," anatero mlamu.

China. Munagwa kakiyi.

"Uyu mlonda. Koma apongozi anga! Nkhope ngati m'busa."

"Iwe, takhala chete," anatero achimwene, koma nawonso akubisa kuseka.

Chitsiriza sanaseke. Anakhuthula china, munali kamwala kosalala. China, kagudumu ka wotchi. Chitini chilichonse chinali ndi kanthu kake, ndipo palibe kofanana ndi kanzake. Pang'onopang'ono anabwezera masamba aliwonse m'chitini chake, ndi kanthu kake komwe, n'kutseka. Anatenga cha batani n'kuchiika pakhutu. Khoto, khoto. Anaona dzuwa likuswa mtengo, matambula a tiyi wozizira akuchita thukuta patebulo. Cha kamwala: gu, gu. Anamva mvula padenga.

Kenako anatenga cha ndolo.

Ngili, ngili, ngili.

Tsitsi linamuima. Kaphokoso aka ankakadziwa. Ankakamva ali mwana, m'mawa wozizira, atadzikulunga m'bulangete mpaka kumutu, akupemphera kuti asamudzutse kupita kusukulu. Kankachokera kukhitchini, kutsogolo kwa kulira kwa ketulo. Ankaganiza kuti ndi supuni.

"Ndamumva," anatero.

"Wamva ndani?" anafunsa achimwene.

"Tiyi. Tandipatseni ketulo, ndipo muime patali, ndingakupserezeni."

Anachita monga ankachitira bambo. Anatsuka tipoti ndi madzi otentha kuti ifunde, anathira masamba, anadikira madzi asiye kubwata asanawathire, n'kufunditsa tipotiyo kansalu. Mphuno yake sinamuuze kanthu. Anangodalira khutu, n'kunyamula thireyi. Ndolo anaitulutsa m'chitini n'kuiika pambali pa kapu, ngakhale achimwene ankamutsinzinira diso ngati lalowa mchenga.

Amayi anatuluka kuchipinda asanaitanidwe. Anaima pakhomo, mutu utapendekeka pang'ono, kenako anadzakhala pampando wawo. Anagwira kapu ndi manja onse awiri. Anapsontha kamodzi. Nyumba yonse inati zii. Ngakhale chimfine chinadikira.

"Poyamba jinja," amayi anatero, osayang'ana munthu aliyense koma mpando wopanda munthu wa kumutu kwa tebulo. "Akuluma kunsonga kwa lilime, koma mwaulemu. Kenako malalanje akubwera pambuyo, ngati munthu wochedwa kutchalitchi. Sinamoni ali pansi penipeni, safuna kuonekera. Ndipo kukhosi kukutsala kutentha, kokhala ngati wina wakufunditsa."

Anamwanso, n'kupukuta diso ndi chala.

"Amayi," Chitsiriza anafunsa, "bwanji munkawafotokozera chonchi nthawi zonse?"

"Nanga akanamva bwanji? Bambo anu anadwala malungo aakulu iwe usanabadwe. Anachira, koma fungo ndi kukoma zinapita, osabweranso. Uchi ndi phulusa kwa iwo zinali chimodzimodzi."

Achimwene anakhala pansi pang'onopang'ono. "Zaka zonsezi? Osatiuza?"

"Ngakhale ine sanandiuze. Ankayesa sindikudziwa." Amayi anamwetulira. "Tsiku lina ndinaiwala mchere m'ndiwo, iwo n'kuyamikira mpaka kupempha zina. Ndinangoti, chabwino akuluakulu, bisani. Inu muzifulula, ine ndizikulawirani."

Ndi pamene anaiona ndoloyo. Anaitola, anaiyandikitsa kumaso, n'kuigwedeza. Mlamu anagwira mkono wa mwamuna wake.

"Mwaitenga kuti?"

"M'chitini cha tiyi ameneyu," anatero Chitsiriza. "Chitini chilichonse chili ndi kanthu kolira mosiyana; cha tiyi wa nyengo yotentha chili ndi batani. Ndimo ankadziwira."

Amayi anaseka. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, kuseka koyamba m'nyumbamo chichokere anthu a pamaliro. "Wakuba uja! Wakuba wovala magalasi uja!"

"Ndi yanu?" mlamu anafunsa, mawu ake akumveka ngati wakhumudwa pang'ono.

"Nanga ya ndani, mwana iwe? Ndili mtsikana ndinapita kukashopu kawo ndi wotchi ya malume anga. Inalibe vuto lililonse, ndinangoibweza m'mbuyo ndekha panjira. Kunja kunkazizira, ndiye anandifululira tiyi. Pofika kunyumba, khutu limodzi lilibe ndolo. Ndinabwerera mawa lake, ati sanaione, ndibwerenso mkuja. Ndinabwerera, ndinabwereranso, mpaka ndinakwatiwa. Ndinalumbira kuti sindidzavalanso ndolo kufikira ataipeza, ndipo chisanu chilichonse ankagwada kusuzumira kunsi kwa mipando, ati akufunafuna."

"Munali ndi ambulera yofiira?" Chitsiriza anafunsa.

"Ambulera m'chisanu? Chimfinechi chakulowa m'mutu."

Achimwene anatsokomola, n'kuyang'ana makiyi a galimoto omwe anali patebulo. "Ndiye za mawa, amayi?"

"Mawa utenge mkazi wako muzipita, ana akudikira. Ine ndili ndi wondifululira. Kukayamba kutentha mubwere, tidzamve kuti batani likuti chiyani." Anatembenukira kwa Chitsiriza. "Tathirira achimwene akowa, mwina mphuno ingatseguke. Ndipo undibweretsere chitinicho."

Chitsiriza anakachitenga. Ankayembekeza kuti amayi alowa kuchipinda kukatulutsa ndolo inzake, avale zonse ziwiri. Koma amayi anatsegula chitini, anaponyamo ndoloyo, n'kuikwirira ndi masamba mosamala, ngati akufunditsa mwana. Anatseka. Kenako anachikweza pakhutu, anatsinzina, n'kuchigwedeza pang'onopang'ono.

Ngili, ngili, ngili.