Kabuleta ya a Reinford

Mkazi mnzanga anali galimoto, sindikuseka ayi. Amuna anga, a Reinford, anaigula ili chiphapha, yakalekale ya ku America, yamphuno yaitali, n'kuikokera m'kagalaja kathu ku Tottenham. Injini anaiphwasula yonse. Kabuleta yobwera nayo, chosakanizira petulo ndi mpweya, anaichotsa n'kuikamo chinzake chachikulu, chomwa petulo ngati chidakwa. Ine ndikaweruka kuchipatala miyendo itatupa, ndinkawapeza ali chiweramire m'boneti. Ndikaitana, zii. Ndinkangoti ndiwo mwano wa amuna a mitala.

Mwana wathu Wezzie atatchula tsiku la ukwati wake, bambo ake analonjeza pamaso pa anthu kuti kutchalitchi ku Greenwich adzamupititsa okha pa galimotoyo. Wezzie anangoti, "Okay, Dad." Mwana ameneyu Chichewa amamva chonse, koma poyankha ndi Chingerezi basi, ndipo zimenezi zinkawadya bambo akewo mumtima. "Kodi ndidzafa osamva mwana wanga akundiyankhula chakwathu?" ankandifunsa choncho.

Ndiye galimoto ija inayamba kudwala. Ikalira inkatsokomola, utsi wakuda tolo, fungo la petulo mpaka m'zovala. Pamaloboti inkazima. Mapulagi akawamasula ankatuluka ali bii ndi mwaye. Poyamba a Reinford sanatekeseke. Umakaniko anauphunzira ku Ndirande, ndipo kabuleta ankaichuna ndi khutu: kupotoza pang'ono timasikuluwu tosakaniza mpweya ndi petulo, kumvetsera, kupotozanso. A Reinford ankaseka anzawo odalira kamuvi ka pa geji. "Injini imayankhula," ankatero. "Geji ndi ya agonthi."

Koma ulendo uno akati achune, zinkangoipiraipira. Anatsuka kabuleta, anagula mapulagi atsopano, anasintha mapaipi poganiza kuti penapake pakulowa mpweya, koma ayi ndithu. Ukwati unkayandikira, ndipo munthu anayamba kuwonda ndikumuona. Nsanje yanga inatha, ndinayamba kuwamvera chisoni. Loweruka lina masana ndinaitana a Mwamba, mnzawo wa ku Zambia amene anagwira naye ntchito zaka zambiri m'galaja ya mabasi.

A Mwamba sanachedwe nayo. Anailiza, n'kudikira kuti itenthe, n'kupotoza timasikuluwu tija pang'onopang'ono. Kutsokomola kuja kunaleka, utsi unayera, injini inayamba kuyenda myaa. Ngakhale ine, wosadziwa kanthu, ndinamva kuti yachira.

"Ayi, yafooka iyi," anatero a Reinford. "Ikufuna kuzima. Simukumva?"

Analanda sikuludiraiva n'kuyamba kupotoza. Anapotoza mpaka injini inayambanso kubwebweta, galimoto yonse n'kumanjenjemera. Anaika dzanja pa chitsulo, nkhope n'kuwala.

"Eya! Apa ndiye yakhala."

A Mwamba anandiyang'ana. Anapita kukaizimitsa, m'galaja monse n'kukhala bata, kenako anakaima kumbuyo kwa mnzawoyo, amene anali ataweramabe.

"Ba Reinford," anaitana ndi mawu wamba.

Sanacheuke.

"Bambo a Wezzie," ndinayesa ine.

Sanacheukenso. Ankapukuta sikuludiraiva ndi kansanza, akumwetulira okha.

"Mulamu," anatero a Mwamba motsitsa mawu, akuloza khutu lawo, "iyi motoka ilibe problem. Ni matu. Ikayenda bwino saimvela. Afuna izigwedezeka ndiye aziba kuti ilila."

Ndinawagwira a Reinford paphewa, ndipo anadzidzimuka ngati ndawathira madzi. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana a Mwamba, n'kufunsa kuti, "Mumandiitana?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Kenako anatenga dzanja la a Mwamba n'kuikamo sikuludiraiva ija.

"Ibwezereni mmene munaiikira muja," anatero, n'kutuluka panja. Chikwatiraneni ndinali ndisanawaonepo akupatsa munthu chitsulo chawo.

Kuchipatala anatsimikiza kuti makutu onse awiri anatha ndi phokoso la mainjini. Tizipangizo ta m'makutu tothandiza kumva anati tidzafika ukwati utadutsa, ndiponso sitidzabweza zonse. A Reinford anandiletsa kumuuza Wezzie. "Tisamuwonongere ukwati wake," anatero. Ndinamvera, ngakhale ndinkadziwa zimene mwanayo ankakonza. Masabata onsewo ankabwera kukhitchini kwanga kudzayeserera mawu a Chichewa oti adzawauze bambo ake, kundifunsa katchulidwe, kulakwitsa, kuseka, kuyambiranso.

Tsiku la ukwati galimoto inali itatsukidwa mbee, maliboni pamphuno. A Reinford anakhala pa chiwongolero atavala suti, ine ndi Wezzie kumbuyo. Anapotoza kiyi, ndipo inalira kamodzi n'kamodzi. Anthu pa siteji ya basi ankacheuka, ena kujambula ndi mafoni. Pamaloboti onse sinazime ngakhale pamodzi.

Titayandikira kutchalitchi tinaima pa loboti yofiira. Wezzie anandifinya dzanja, anakweza velo, n'kusendera kutsogolo.

"Adadi," anatero, "zikomo pondilera. Ndikupita kubanja, koma ndine mwana wanu mpaka kalekale."

Sanalakwitse liwu ndi limodzi lomwe. Anadikira. Kumwetulira kuja kunayamba kuchoka pang'onopang'ono, ndipo anatembenukira kwa ine, misozi ili lengelenge.

"Mum, is he angry with me?"

Bambo ake anali atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali pa kamuvi ka pa geji, kuti adziwe ngati injini ikulirabe.