Nyumba Yopanda Chitseko

Mwini nyumba anabwera m'mawa ndi kalipentala, telala ali pakati powameta ndevu abambo ake. Sanaodire n'komwe. Eni nyumba zalendi ena amaganiza kuti ulemu nawonso ndi wolipiritsa.

"Mayi, mgwirizano wathu watha, sindiwonjezeranso," anatero. "Mwana wanga akukwatira, akufuna polowa."

Telala anaika lumo pansi. "Mwezi wathawu munati tisayinirananso, bambo."

"Ndasintha maganizo. Nyumba ndi yanga."

"Ndi yanu, sindikukana. Koma tinalemberana kuti mudzandipatsa notisi yokwanira. Ndipo wonditulutsa muno ndi khoti, osati inu ndi hamala."

Mtima wake sunali pa makoma osuwawo. Abambo ake anasiya kuona ali m'nyumba momwemo, pang'onopang'ono, ndipo anaiphunzira ndi manja: khoma lochokera pabedi kukafika kubafa, msomali wokolekapo chipewa, sitepe yong'ambika ya pakhomo. Muno ankayenda okha ngati munthu wamaso. Kwina kulikonse akanakhala ogwiridwa dzanja ngakhale popita kuchimbudzi, ndipo zimenezo ankaziopa kuposa imfa.

Mwini nyumba anakodola kalipentala. "Chotsa chitseko. Tione ngati agone muno."

Kalipentalayo anagwira ntchito mutu uli pansi, pakuti diresi la ukwati la mkazi wake linasokedwa pamakina a telala yemweyo. Atamasula mahinjesi anakana kunyamula, eti msana. Ndiye mwini nyumba anasenza yekha chitseko chake, mimba patsogolo, thukuta kamukamu, amayi a pampopi akumufunsa ngati wayamba geni ya matabwa.

Telala anaseka nawo, koma atalowa m'nyumba mantha anamugwira. Makina ake anali poyera, nsalu za eni ake zili poyera, fumbi la mumsewu likulowa mmene likufunira. Anakhala pampando n'kulira mosatulutsa mawu kuti abambo ake asamve.

"Mphepoyi ikulowera pati?" anafunsa mkuluyo.

"Achotsa chitseko, Ababa. Mwina tingopita kwa achimwene."

"Kukatani? Kukagundagunda ndowa za mlamu wako?"

Anadzuka, dzanja kukhoma, mpaka anakafika pafelemu ya chitseko. Anapapasa mabowo a misomali, mmwamba ndi mmunsi. Kenako anabwerera, anakoka mpando wawo wolemera uja okha, kukana kuthandizidwa, n'kuukhazika pakati penipeni pa khomo. Anakhalapo, ndodo pamiyendo, ndevu zometedwa mbali imodzi.

"Iwe pita kukhoti ukadandaule," anatero. "Ukabwera udzandimalize tsaya linali."

Anapitadi, ndipo anauzidwa tsiku la mlandu. Pobwera masana anapeza mwini nyumba ali pasitepe ndi mkwati uja, tepi yoyezera zipinda ili m'manja, anthu ataunjikana kumpanda.

"Madala, tapatukani tidutse."

"Ndani ameneyo? Sindinamve odi."

"Ndine mwini nyumba!"

"Mwini nyumba ndimamudziwa, amagogoda. Gogodani."

"Ndigogode pati? Palibe chitseko!"

"Ndiye kachitengeni," anatero mkuluyo. "Apo ayi ndinyamuleni mmene munanyamulira chinacho, anthu onsewa akuona."

Mwini nyumba anatembenukira mwana wake. Mwanayo anakulunga tepi yake n'kuiponya m'thumba. Telala anadutsa pakati pawo, natola lumo.

"Dzutsani chibwano, Ababa," anatero, n'kuyamba kumeta pakhomo pomwepo.